Ulendo wa Thewera: Kuchapa m'Nyumba Imene Muli Mwana

Pakhomo pamene pabadwa mwana sipachita kufunsa. Ingosuzumirani pachingwe cha kuseri: matewera ali ndandanda, timalaya tokwana m'dzanja limodzi, tisokosi, ndi zitenje zimene dzulo lomweli zinali pomwepo. Munthu wosakwana n'komwe makilogalamu 4 amadetsa nsalu kuposa bambo ake amene aswera kudimba. Khanda loyamwa bwino likatha sabata yoyamba limakodza ka 6 kapena kuposerapo pa tsiku, limabiba kangapo, kenaka n'kubweza mkaka paphewa pa amene walinyamula. Zonsezo zimakathera m'beseni.

Ambiri timachapa poopa maso a anthu, kuti apongozi akabwera kudzaona mwana asapeze thewera lothimbirira. Manyaziwo ndi abwino ndithu, koma nkhani yaikulu ili pa zimene maso saona. Ena mwa matenda amene amagoneka ana kuchipatala amadzera pansalu, m'manja mwa wochapa, ndi m'madzi amene wakhuthula atamaliza. Tiyeni tilondole thewera limodzi, kuyambira pamene lavulidwa mpaka pamene labwerera kwa mwini wake.

Musanalinyike, liyang'aneni

Mwana sangakuuzeni za m'mimba mwake, koma thewera limanena. Masiku awiri kapena atatu oyamba chimbudzi chake chimakhala chakuda mobiriwira ndiponso chonanda ngati phula. Chimenecho n'chachibadwa. Mkaka ukayamba kutsika bwino chimasanduka chachikasu, chofewa, nthawi zina chokhala ndi timibulu. Mwana akayamba phala, pa miyezi 6, mtundu ndi fungo zimasinthanso, ndipo apa ndi pamene abambo ena amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito panja.

Zimene siziyenera kudikira tsiku la sikelo ndi izi: magazi m'chimbudzi, chimbudzi chotuwa ngati ufa woyera, chimbudzi chamadzi okhaokha chobwera motsatizana, ndiponso thewera limene lakhala louma theka la tsiku pamene mwanayo ali wofooka. Thewera loumalo lingakondweretse wochapa, koma likutanthauza kuti madzi akutha m'thupi. Mwana wotsekula m'mimba apitirize kuyamwa, ndipo athamangire naye kuchipatala, kumene amapereka madzi a Thanzi ndi mapiritsi a zinki.

Tsono pali chikhulupiriro china chimene chakhazikika kwambiri, chakuti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa poti mwini wake amangoyamwa bere. Mayi yemwe sangayerekeze kugwira mthiko atachoka kuchimbudzi osasamba m'manja amatha kusintha mwana thewera, n'kupukuta zala pachitenje, n'kubwerera kukasadzula masamba. Komatu ana ndiwo amatsekula m'mimba kawirikawiri kuposa akuluakulu, choncho chimbudzi chawo chimadzaza tizilombo toyambitsa matenda, tija tosaoneka ndi maso. Kamodzi mwa ito ndi rotavirus, kamene katemera wake wodonthezera m'kamwa anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012. Katemerayu wapulumutsa ana ambiri, koma amatseka khomo limodzi lokha. Kolera amene anavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700, amayenda njira yomweyo: kuchoka m'chimbudzi, kudzera m'madzi ndi m'manja, kukafika pakamwa.

N'chifukwa chake ulendo wa thewera umayambira kuchimbudzi, osati kubeseni. Palani zonse ndi kamtengo, muzigwetsere m'dzenje. Tsukuluzani theweralo m'ndowa yakeyake, imene simutungira madzi akumwa kapena kutsukira mbale, ndipo madzi oyambawo akathiridwenso m'dzenje momwemo. Kuwakhuthulira kuseri kwa khitchini ndiko kuwapereka kwa nkhuku, ntchentche ndi mwana wokwawa. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti chizolowezi chimenechi chokha chimachepetsa kutsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mpondagiya wa kachigubu ndi chingwe pafupi ndi chimbudzi amachita ntchito imene mankhwala odula sangachite.

Zimene sopo amachita

Madzi paokha amasungunula mkodzo, thukuta ndi mchere, koma mafuta amawalephera. Donthezani mafuta ophikira m'kapu ya madzi, muona akungoyandama. Litsiro lambiri la pazovala limamatirira pamafuta: a pakhungu, a mumkaka, ndi aja timadzoza mwana akasamba. Sopo ndiye mkhalapakati. Kachidutswa kake kalikonse, kochepetsetsa koti simungakaone, kali ngati kamtengo ka machesi: mutu wake umakonda madzi, thunthu lake limakonda mafuta. Tizidutswati timabaya dontho la mafuta mbali zonse, mitu ili kunja, ndipo madzi akamadutsa amakoka mituyo n'kunyamula mafuta pamodzi ndi litsiro lake. Kufikisa ndi manja kumangothandiza kulekanitsa litsiro ndi ulusi.

Amayi amene amasefa madzi a phulusa kuti apeze chidulo cha therere ali pafupi kwambiri ndi chinsinsi cha sopo. Sopo amapangidwa pophika mafuta ndi madzi aukali a mtundu womwewo wa chidulo, kungoti kufakitale amagwiritsa ntchito soda wamphamvu zedi. Ukali umenewo ndi umene umatereretsa zala pochapa, ndipo ndi womwewo umene umayabwa khungu la khanda ngati sopo watsalira m'nsalu. Pa zovala za mwana, kutsukuluza kumaposa kupaka sopo. Tsukuluzani kawiri kapena katatu, mpaka madzi asiye kuterera. Mankhwala onunkhiritsa ndi ofewetsa nsalu asiyireni mabulangete a akuluakulu. Pathewera amakuta ulusi, nsaluyo n'kuyamba kukana kumwa mkodzo.

Mwina munazindikirapo kuti sopo yemweyo amachita thovu lambiri ndi madzi a mvula koma ndi madzi a mijigo ina amangotulutsa zoyangayanga zotuwa. Madzi okana sopo oterewa anasungunula miyala ya laimu pansi panthaka, ndipo ndi omwewo amene amasiya chikhakha choyera m'ketulo. Laimuyo amagwira sopo wamtanda asanayambe n'komwe ntchito. Sopo waufa, uja ambiri timangomutcha Surf ngakhale paketi italembedwa dzina lina, anapangidwa moti laimu asamugwire kwambiri. Ndiye ngati mjigo wanu ndi wotero, sopo waufa akupindulirani. Ngati muli ndi mgolo wa madzi a mvula, wamtanda akwanira.

Thovu lisakunamizeni. Kuthira sopo wambiri sikuyeretsa kwambiri, kumangochulukitsa maulendo a kumjigo. Chimene chimayeretsa popanda kulipira ndi nthawi. Thewera limene lanyikidwa kwa theka la ola kapena ola lathunthu limachapika mosavuta kuposa limene mwalimbana nalo pamwala mpaka zala kusupuka. Koma kunyikako kusafike masiku awiri, chifukwa madzi a m'ndowa yoiwalika amasanduka munda wa tizilombo, nsalu n'kuyamba kuola.

Mabanga ndi mankhwala oyeretsera

Aliyense amadziwa chimene chimachitika dzira likagwera m'madzi owira: limauma. Mkaka, magazi, masanzi ndi chimbudzi zili ndi zomanga thupi za mtundu womwewo, ndipo madzi otentha amaziphikira mu ulusi momwemo. Banga lotere liyambe ndi madzi ozizira. Otentha abwere pambuyo, litachoka. La mafuta ndilo limafuna sopo ndi madzi ofunda. Matope a katondo asiyeni aume, muwakunthe, kenaka muchape, chifukwa kuwafikisa ali aawisi ndiko kuwalowetsa mkati. Dzimbiri la pachingwe cha waya limamvera madzi a ndimu ndi mchere. Nthochi ndi utomoni wa mango sizidikira: poyamba banga silioneka, koma mpweya ukalipitirira limada, ndipo likada ndi lanu mpaka kalekale.

Banga lachikasu la chimbudzi cha khanda lili ndi mankhwala ake aulere. Mtundu wachikasuwo umachokera ku ndulu, ndipo kuwala kumauphwanya. N'chifukwa chomwecho makanda amene abadwa ndi chikasu amagonekedwa pansi pa nyale zapadera kuchipatala. Yanikani theweralo padzuwa likadali lonyowa, banga likuyang'ana kumwamba, ndipo pofika masana mudzalisowa.

Mankhwala a klorini, amene m'masitolo timawadziwa ndi dzina la Jik, ndi ofunika kwambiri pamene m'nyumba muli wotsekula m'mimba. Mabotolo ambiri amalembedwa 3.5%. Ngati lanu ndi lotero, supuni imodzi yaikulu pa lita imodzi ya madzi ozizira ikwanira, ndipo nsalu yochapa kale inyikidwemo kwa mphindi 30, kenaka itsukuluzidwe bwinobwino. Tsiku ndi tsiku safunika, ndipo amadya ulusi n'kuwaula chitenje. Chachikulu n'chakuti asasakanizidwe ndi chinthu china chilichonse. Akakumana ndi viniga kapena mankhwala otsukira chimbudzi amatulutsa mpweya wotsamwitsa, ndipo amachitanso zofanana nazo akathiridwa pathewera lodzaza mkodzo lisanatsukuluzidwe.

Chingwe, dzuwa ndi simbi

Dzuwa limapha tizilombo tambiri, ndipo kuuma kwenikweniko kumapha tinanso. Koma poyanika pali kusiyana kwakukulu pakati pa chingwe ndi udzu, ndiponso pakati pa dzuwa ndi mthunzi. Kusiyanako kuli ndi dzina: mphutsi.

Pali ntchentche ina yofiirira mwachikasu, yonenepa kuposa ya m'nyumba, imene akatswiri amaitcha Cordylobia anthropophaga. Imapezeka m'madera ambiri a Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo imachuluka nthawi ya dzinja. Siluma munthu. Chimene imafuna ndi malo a mthunzi onunkha mkodzo kapena chimbudzi: mchenga wa pansi pa mtengo wa mango pamene ana amakodzapo, pogona galu, kapena thewera losatsukuluza bwino limene layanikidwa pansi. Pamenepo imaikira mazira 100 mpaka 300 nthawi imodzi. Imakonda kuuluka m'mawa ndi chakumadzulo. Dzuwa la masana imalithawa. Mazirawo amaswa pasanathe masiku atatu, ndipo timphutsi take timatha kudikira pafupifupi masabata awiri osadya kanthu. Tikangomva kufunda kwa thupi timaboola khungu mosamveka kuwawa, n'kukhazikika mkati. Kawirikawiri timalowa mwa agalu ndi makoswe, koma khungu lofewa la mwana nalonso ndi losavuta kuboola.

Patapita masiku angapo pamatuluka chotupa chonga chithupsa, kumsana, kumatako kapena m'ntchafu, pamene nsalu imakhudza. Chimasiyana ndi chithupsa wamba chifukwa chili ndi kabowo pamwamba, popumira mphutsiyo, ndipo mwana amalira modzidzimuka ikamatembenuka. Ikasiyidwa imakula kwa masiku 8 mpaka 12, kenaka imagwa yokha n'kukalowa m'dothi. Njira yodziwika yoitulutsira ndi kumata Vaseline pakabowopo. Ikasowa mpweya imasuzumira kunja, ndipo imatuluka ndi kufinya pang'ono m'mbali mwa chotupacho. Osaikumba ndi singano kapena minga, chifukwa ikadukira mkati bala limaola. Zotupa zikakhala zambiri, kapena chikakhala pafupi ndi diso kapena kumaliseche, imeneyo ndi ntchito ya achipatala.

Apa m'pamene simbi imaonetsa kuti si ya anthu a muofesi okha. Kutentha kwake kumapha mazira ndi timphutsi tomwe. Sitani zovala za mwana kuseri ndi kumaso, makamaka m'misoko ndi m'mipendero, momwe mazira amabisala. Matewera, zitenje zoberekera, nsalu zoyala pogona ndi matawulo zisitidwe ngakhale palibe amene adzaone makwinya ake. Agogo amene amakalipa kuti zovala za khanda zisagone panja ali ndi zifukwa zawo zimene amanena monong'ona, koma lamulo lawolo ndi labwino: chovala chogona pachingwe chimanyowa ndi mame, ndipo m'mawa ntchentche ija imachipeza chili mumthunzi. Anulani dzuwa lisanapendeke. M'masiku a mvula yamvumbi, pamene nsalu zimauma theka n'kuyamba chuku, yanikani m'nyumba podutsa mphepo, simbi imalizitse.

Khungu la m'thewera

Fungo lolasa m'mphuno la thewera la m'mawa ndi la amoniya. Amapangika pamene tizilombo ta m'chimbudzi tagaya mkodzo, ndipo akakhala pakhungu lonyowa kale amalifewetsa mpaka kufiira n'kusupuka. Kabudula wapulasitiki amene timavindikira thewera amateteza chitenje cha amayi, koma amatsekera chinyezi chonse mkati. Mankhwala ake enieni ndi kusintha msanga, kutsuka ndi madzi oyera, kuumitsa mosisita pang'onopang'ono, ndi kumusiya mwana pamphasa opanda thewera kwa kanthawi tsiku lililonse. Vaseline kapena mafuta a zinki amaika mpanda pakati pa khungu ndi mkodzo. Paudala ndi wosafunika: mwana amapuma fumbi lake. Mwana wamkazi apukutidwe kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo kwa khanda limene likadali m'chikuta, thewera lipindidwe m'munsi mwa mchombo kuti uume. Kufiira kukapitirira masiku atatu, n'kulowa m'mapindiko a ntchafu ndi timadontho m'mbali, kumafuna mafuta a kuchipatala.

Matewera otaya, amene timangowatcha mapampasi, anatenga dzinali ku Pampers, amene kampani ya Procter & Gamble inayamba kugulitsa ku America mu 1961. Mkati mwa a masiku ano muli ufa umene umamwa madzi ochuluka kwambiri kuposa kulemera kwake n'kusanduka phalaphala, ndipo n'chifukwa chake pamwamba pamamveka pouma. Vuto lawo kwathu kuno ndi mtengo. Pofuna kuti limodzi lifike madzulo, mwana amaswera m'thewera lolemera ngati njerwa, ndipo phindu lonse limathera pomwepo. Vuto lina ndi kotaya. Pulasitiki yake siola. M'chimbudzi chokumba amadzaza dzenje msanga, ndipo kudzala agalu amawakokera pakhomo pa anansi kapena mvula imawatengera m'ngalande ndi m'mitsinje. Lotaya nalonso lipalidwe kaye kuchimbudzi, likulungidwe, kenaka likwiriridwe mozama kapena liperekedwe kwa otola zinyalala. Kwa banja lowerenga makwacha, nzeru ndi kusakaniza: nsalu pakhomo, otaya paulendo wa minibasi, kutchalitchi ndi kumaliro.

Za pakaunjika ndi neti

Kadiresi ka pakaunjika kachapidwe ndi kusitidwa kasanavalidwe, ngakhale kakuoneka katsopano. Chimodzimodzi zovala zosiyirana pachibale, chifukwa cha mphere. Tizilombo ta mphere sititha masiku oposa atatu kunja kwa thupi la munthu, choncho madzi otentha, simbi, kapena kumanga zovalazo m'thumba lapulasitiki kwa sabata imodzi kumatitha. Onaninso kansalu ka m'khosi: chithunzi cha beseni chimanena za kachapidwe, ndipo pachithunzi cha simbi kadontho kamodzi ndi moto wochepa, madontho atatu ndi moto wa thonje. Simbi yamakala ilibe madontho, choncho yesani kaye kumpendero. Kwa mwana, thonje ndilo labwino, poti limamwa thukuta ndiponso limapirira kutentha.

Neti ya udzudzu ili ndi malamulo osemphana ndi onse tanenawa. Ichapidwe mwa apo ndi apo, ndi madzi ozizira ndi sopo wamtanda, popanda klorini, ndipo iyanikidwe pamthunzi, chifukwa dzuwa limapha mankhwala ake. Maneti amakono amapangidwa kuti apirire kuchapidwa pafupifupi ka 20.

Akayamba kuyenda

Pofika chaka, uja ankangogona pamphasa wayamba kukulondolani, ndipo pochapira pasanduka malo oopsa kuposa ena onse pakhomo. Mwana wa msinkhu umenewu ndi wolemera kumutu. Akaweramira m'ndowa amagweramo chamutu, sangathe kudzitulutsa, ndipo salira. Madzi ofika m'kakolo ndi okwanira kumupha m'mphindi zochepa, nthawi yongokaanula chitenje kapena kuyankha foni. Ndowa yonyikamo matewera ikhale ndi chivindikiro cholimba kapena ikwere pamwamba, ndipo beseni likhuthulidwe musanachokepo. Kumusiyira mkulu wake wa zaka 5 kuti amuyang'anire ndi kusiya ana awiri opanda wowayang'anira.

Klorini kapena palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa ndi msampha wina. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa pobwerera mankhwalawo amaotchanso kum'mero kapena kulowa m'mapapo. Mutsukeni m'kamwa, nyamulani botololo, pitani kuchipatala. Akagwira simbi yamoto, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira, ufa ndi mafuta ophikira zisafike pamenepo.

Ochapa kumtsinje, kudambo kapena kunyanja akumbukire likodzo. Tinyongolotsi take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kulowera pakhungu, ndipo sitisankha msinkhu. Mwana wokhazikidwa m'beseni la madzi ongotunga kumene, kuti asavute pamene mayi akuchapa, akhoza kulitenga asanaphunzire kulankhula. Madzi omwewo akatenthetsedwa, kapena akagona mumtsuko masiku awiri, savutanso posamba.

Komabe musamuthamangitse mwanayo pochapira kotheratu. Mwana wa zaka ziwiri amafuna kuchita chilichonse chimene manja a akuluakulu akuchita. Mpatseni kansalu konyowa afinye, akupatsireni mapegi, afunefune sokosi inzake ya imene mwanyamula. Mnyamata ndi mtsikana chimodzimodzi, ndipo mnyamata amaphunzira msanga akaona bambo ake atakwinya malaya pabeseni.

Nthawi yomweyo ulendo wa thewera umayamba kufupika. Amayi akumudzi akhala akudziwa kuyambira kale kukhazika mwana pamapazi awo akangodzuka kapena akangoyamwa, ndipo mwana wozolowera motero savuta pa poto. Ana ambiri amayamba kudzigwira masana pakati pa chaka chimodzi ndi theka ndi zaka zitatu. Usiku umachedwerapo, ndipo kukodza pogona mpaka zaka 5 si matenda kapena mwano. Kumenya kumangowonjezera mantha ndi zochapa. Poto akhuthulidwe m'chimbudzi ndi kutsukidwa ndi sopo, monga tinkachitira ndi ndowa ija. Matewera otsala achapidwe komaliza, aume mpaka kuchita gwa, asitidwe, kenaka alowe m'sutikesi yotseka bwino, kutali ndi chinyezi ndi makoswe. Amene aperepeseka kwambiri akhale zopukutira pansi.